Ana a pa kanema akakula n'kulemba mabuku, n'chifukwa chiyani owerenga amagawikana?

Mu Ogasiti 2022, Jennette McCurdy, yemwe ali mwana ankasewera mu iCarly, pulogalamu ya ana ya pa kanema wa Nickelodeon ku America, anatulutsa buku lofotokoza za moyo wake. Analipatsa mutu wakuti I'm Glad My Mom Died, kunena kuti ndi wokondwa kuti mayi ake anamwalira, ndipo pachikuto anaikapo chithunzi chake akumwetulira, atanyamula kamtsuko kapinki kosungiramo phulusa la womwalira. Tsiku loyamba lisanathe bukulo linali litatha ku Amazon ndi m'masitolo ena akuluakulu, kenako linakhala pamndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri wa nyuzipepala ya New York Times kwa nthawi yopitirira chaka.

Owerenga sanalilandire mofanana. Ena ankalemba pa intaneti kuti lawaliza. Ena anaipidwa ndi mutuwo osatsegula n'komwe tsamba loyamba. Ena anasiya nkhani ya mayi ndi mwana n'kuyamba kufufuza dzina la bwana wina amene wolembayo sanamutchule. Panalinso ofunsa kuti munthu amene anatchuka ndi kugwira ndalama ali wamng'ono akudandaula chiyani. Zomwezi zimachitika pafupifupi nthawi iliyonse buku lotere likatuluka, ndipo munthu woonera chapatali amasokonezeka, chifukwa anthu amaoneka ngati akukangana za chinthu chimodzi pamene m'kati mwake muli mikangano ingapo yosiyana. Pali wa ndalama, wa makolo, wa zoona ndi bodza, komanso wina umene ambiri safuna kuuyang'ana, wa mbali imene oonera okha anatengapo.

Kodi ndi buku lotani?

Mabuku amenewa si mbiri yonse ya munthu yoyambira tsiku lobadwa mpaka lero, yokhala ndi madeti ndi umboni wa zikalata. Wolemba amasankha gawo limodzi la moyo wake n'kulifotokoza mmene iye akulikumbukirira komanso mmene linamukhudzira. Buku la McCurdy, mwachitsanzo, lili m'timitu tifupitifupi, ndipo chigawo chake choyamba chinalembedwa ngati kuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi ndiye akulankhula, mwana amene amaona mayi ake ngati munthu wosalakwa. Wowerenga amaona zoipa zimene mwanayo sakuziona, ndipo ambiri amati apa ndi pamene bukulo limapweteka kwambiri.

Mwambo wolemba mabuku otere si wa lero. Mu 1987 Patty Duke, yemwe analandira Oscar, mphoto yapamwamba ya mafilimu ku America, ali ndi zaka 16, analemba Call Me Anna, momwe anafotokoza kuti anthu awiri oyendetsa ntchito yake anamutenga kwa mayi ake ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, anamusintha dzina, n'kumuuza kuti Anna wafa, tsopano iye ndi Patty. Chaka chotsatira Shirley Temple, mwana wotchuka koposa onse m'mafilimu a m'ma 1930, anatulutsa Child Star. Mmenemo anasimba kuti m'mafilimu ake oyambirira, ali ndi zaka zitatu kapena zinayi, mwana akavuta ankamutsekera m'kachipinda kamdima momwe pokhala pake panali chimwala cha madzi oundana. Mu 1990 Drew Barrymore, kamtsikana ka mufilimu ya E.T., anatulutsa Little Girl Lost asanakwanitse zaka 16, atagonekedwa kale kumalo othandizira anthu olowerera mowa ndi mankhwala osokoneza bongo.

Chimene chasintha m'zaka zaposachedwa ndi malo amene wowerenga amalankhulira. Kale munthu ankawerenga yekha, mwina n'kuuzako mnzake mmodzi. Lero amalemba ndemanga pa Goodreads, tsamba la pa intaneti la owerenga mabuku, amajambula kavidiyo pa TikTok, ndipo anthu zikwizikwi amamuyankha, ena mwa iwo asanawerenge bukulo.

Ndalama za mwana ndi za ndani?

Funso lakuti "akudandaula chiyani pomwe analemera" limachokera pa ganizo lakuti ndalama zimene mwana wagwirira ntchito zimakhala zake. Kwa nthawi yaitali malamulo a ku America sankatero. Jackie Coogan anatchuka mu 1921 atasewera ndi Charlie Chaplin mufilimu ya The Kid, ndipo akuti ali mwana anapanga madola pakati pa 3 ndi 4 miliyoni. Atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo ake omupeza anadya pafupifupi zonse. Anawasumira mu 1938, koma chimene anatuluka nacho ndi madola 126,000 okha. Mlanduwo unachititsa kuti mu 1939 chigawo cha California chikhazikitse lamulo lomwe mpaka pano limadziwika ndi dzina la Coogan.

Lamulo loyambalo linali ndi mipata yambiri. Kunali kuyambira mu Januwale 2000 pamene California inanena momveka kuti malipiro a mwana ndi chuma cha mwanayo, ndiponso kuti madola 15 pa madola 100 alionse aziikidwa mu akaunti yotsekedwa mpaka adzakwanitse zaka 18. Otsalawo amadutsabe m'manja mwa akuluakulu, ndipo pamenepo pamachoka msonkho, malipiro a omupezera ntchito, ndi zina zimene banja lingati zagwiritsidwa ntchito pa mwanayo. Onjezani apa kuti lamulo lalikulu la dziko lonse loletsa kugwiritsa ana ntchito, la mu 1938, silikhudza ana ochita zisudzo. Nkhaniyi inasiyidwa m'manja mwa zigawo, ndipo zina mwa izo zilibe lamulo lapadera loteteza ana otere.

Choncho kutchuka ndi kulemera sizimayendera limodzi nthawi zonse. Shirley Temple analemba kuti pa madola oposa 3 miliyoni amene anapanga, atakula anapezamo 44,000 basi, chifukwa bambo ake sanaziyendetse bwino. Gary Coleman wa m'pulogalamu ya pa kanema ya Diff'rent Strokes anasumira makolo ake ndi mlangizi wake wa zachuma mu 1989, khoti linamupatsa madola pafupifupi 1.3 miliyoni mu 1993, koma pofika 1999 analengeza kuti alibe chobwezera ngongole zake, ndipo anagwirapo ntchito yaulonda.

Komabe owerenga amene amafunsa funsoli si onse amene sadziwa mbiri imeneyi. Ena amanena mfundo ina, yakuti pali ana ambirimbiri amene amazunzika m'nyumba zawo popanda kampani yosindikiza mabuku yowafunafuna, ndipo dziko limatchera khutu pokhapokha wozunzikayo akhale munthu wa pa kanema. Anzawo amayankha kuti kutchukako ndiye khomo lolowera, kuti munthu amagula bukulo chifukwa cha nkhope yodziwika koma amatsiriza akuganiza za nyumba imene iye mwini anakuliramo. Mbali ina imene owerenga osauka ndi olemera amagwirizana ndi yakuti mwana akakhala ndiye wobweretsa chakudya pakhomo, kukana ntchito kumakhala kosatheka. McCurdy analemba kuti atayesa kuuza mayi ake kuti sakufunanso zisudzo, mayiwo analira ndi kukalipa mpaka iye anabweza mawu ake.

Ubwenzi wa mbali imodzi

Mu 1956 akatswiri awiri a ku America, Donald Horton ndi Richard Wohl, analemba za chinthu chimene anachiona pa anthu omvera wailesi ndi oonera kanema, omwe panthawiyo anali chinthu chatsopano. Munthu akamaona nkhope imodzimodzi tsiku ndi tsiku, ikuseka naye, ikulankhula ngati ikumuyang'ana, amayamba kuimva ngati ya mnzake. Zili ngati windo lomwe iwe uli panja ukuona zonse za m'nyumba, koma wa m'katimo sakukuona ndipo sadziwa n'komwe kuti ulipo.

Kwa ana a pa kanema ubwenzi umenewu umazama kuposa wa akatswiri ena, chifukwa woonerayo nayenso anali mwana. Pulogalamu ya iCarly inayamba mu 2007 n'kutha mu 2012. Amene ankaionera akaweruka kusukulu ali ndi zaka 10 anali ndi zaka za m'ma 20 pamene bukulo linkatuluka, msinkhu umene munthu amayamba kuunguza za ubwana wake. McCurdy ankasewera ngati Sam, mtsikana wolusa, wosaopa munthu, wokonda kudya kwambiri. M'bukumo owerenga anapeza kuti nthawi yomweyo iye ankadzimana chakudya, chizolowezi chimene akuti mayi ake anamuphunzitsa ali ndi zaka 11 kuti thupi lake lisakule msanga, azipezabe mbali za ana aang'ono. Munthu amene anaseka nthabwala za chakudya zija akawerenga izi, chimene chimasintha ndi zimene iye amakumbukira za masana ake a kale. Ambiri amamvera bukulo m'malo moliwerenga, ndipo woliwerenga mokweza ndi McCurdy yemweyo, mawu omwe aja anawazolowera ali ana.

Apa ndi pamene pamachokera mitundu iwiri ya mayankho yooneka ngati yotsutsana. Ena amadziimba mlandu, amati sangathenso kuonera pulogalamuyo. Ena amakwiyira wolembayo, amati wawaonongera chinthu chimene ankachikonda, kapena kuti ndi wosayamika kwa anthu amene anamukweza. Onsewa akumva kuti chinthu chawo chakhudzidwa, ndipo ine ndimaona kuti okwiyawa nthawi zambiri amaweruzidwa mopupuluma. Mwana wa zaka 10 woonera kanema sanalembe ntchito munthu aliyense, ndipo si chachilendo kuti atakula azikana kusenzetsedwa mlandu umene sanaudziwe.

Koma olemba ena amati oonera achikulire ndi atolankhani sangadzichotsemo. Mara Wilson, yemwe anasewera mufilimu ya Matilda ya mu 1996, chaka chomwe mayi ake anamwalira ndi khansa, analemba buku lake mu 2016, kenako nkhani ina mu New York Times mu 2021. Ananena kuti pamalo ojambulira mafilimu sanachitidwepo chipongwe chokhudza kugonana, koma chipongwecho chinachokera kwa atolankhani ndi anthu wamba. Ankafunsidwa za chibwenzi ali kamwana, amuna akuluakulu ankamulembera makalata achikondi, ndipo asanakwanitse zaka 12 zithunzi zake zinali zitaikidwa kale pamasamba olaula. Buku lonena zotere ndi lovuta kuliwerenga uli phee, chifukwa chala sichikuloza bwana wina wa kutali.

Kuyanika makolo pagulu

Mkangano waukulu koposa ndi wa makolo, ndipo sutsatira malire a dziko, chipembedzo kapena msinkhu mmene munthu angaganizire. Mbali imodzi imati kholo ndi kholo, za m'nyumba sizitulutsidwa pabwalo, makamaka mwini wake atamwalira ndipo sangathe kudziyankhira. Mayi ake a McCurdy anamwalira ndi khansa mu 2013, bukulo linatuluka patatha zaka zisanu ndi zinayi. Mbali inayo imati lamulo lakuti za m'nyumba zisatuluke ndi lomwe limateteza wozunza, ndipo mwana amene mayi ake ankamusambitsa ndi kumuyang'ana thupi mpaka ali ndi zaka 16, monga mmene bukulo likunenera, ali ndi ufulu wotchula chinthucho dzina lake.

Amene anawerenga mpaka kumapeto amanena kawirikawiri kuti mutu wa bukulo ndi waukali kuposa nkhani ya m'kati. Gawo lalikulu ndi la mwana wokonda mayi ake mopitirira, amene chaka chilichonse pa tsiku lake lobadwa ankapempha chinthu chimodzi, kuti mayiwo akhalebe ndi moyo. Kuzindikira kuti ankazunzidwa kunabwera mochedwa, ndipo mlangizi woyamba amene anamuuza zimenezo, McCurdy anamusiya. Ndiye pali kusiyana kwenikweni pakati pa okangana ndi mutu ndi okangana ndi buku, ngakhale kuti okangana ndi mutuwo sitingawanene kuti alibe mfundo, poti mutuwo unasankhidwa dala ndipo unathandiza kuligulitsa.

Kholo likakhala lamoyo nkhani imayenda mwina. Tatum O'Neal, yemwe analandira Oscar mu 1974 ali ndi zaka 10, analemba A Paper Life mu 2004 n'kunena kuti bambo ake, katswiri wa mafilimu Ryan O'Neal, anali ankhanza ndi osasamala za iye. Bambowo anayankha kuti ndi mabodza olembedwa pofuna kugulitsa buku. Mu 2011 awiriwo anayesa kuyanjana pamaso pa makamera m'pulogalamu ya pa kanema, ndipo owerenga anatsala ndi nkhani ziwiri, aliyense n'kusankha yake.

Chodabwitsa n'chakuti wolemba akakhululukira kholo lake, owerenga ena amakwiyanso. Shirley Temple sanawaimbe mlandu bambo ake pa ndalama zija. Brooke Shields, amene mayi ake anamulola kusewera ngati mwana wa m'nyumba ya mahule mufilimu ya Pretty Baby ya mu 1978 ali ndi zaka 11, analemba buku mu 2014 chifukwa anapwetekedwa ndi mmene nyuzipepala inalembera za mayiwo atamwalira mu 2012. Sanabise kuti mayiwo anali chidakwa, koma anawafotokoza mwachikondi, ndipo panapezeka owerenga omuuza kuti sanazindikirebe zimene anachitidwa. Wolemba wina amadzudzulidwa kuti wanyoza mayi ake, wina kuti wawaikira kumbuyo. Zikuoneka kuti aliyense amabwera ku bukulo atanyamula mayi ake a iye mwini, ndipo amafuna kuti wolembayo aweruze mmene iye anaweruzira.

Kodi zonsezi zinachitikadi?

Munthu wa zaka 30 akamalemba zimene zinalankhulidwa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, palibe amene amayembekezera kuti mawu aliwonse ndi omwewo ndendende. Pali mgwirizano wosalembedwa pakati pa wolemba ndi wowerenga, wakuti mawu akhoza kukonzedwa koma zochitika zikuluzikulu zisapekedwe. Mgwirizanowu unagwedezeka mu 2006 pamene zinadziwika kuti James Frey, yemwe buku lake linatchuka chifukwa cha Oprah Winfrey, woulutsa pulogalamu yotchuka ya pa kanema, anapeka kapena kukokomeza mbali zina, kuphatikizapo miyezi imene ankati anakhala kundende pomwe anasungidwa maola ochepa chabe. Iyeyo sanali mwana wa pa kanema, koma chikayikiro chimene anasiya chinagwera mabuku onse a mtunduwu.

Palinso nkhani ya olemba obisika. Anthu ambiri otchuka salemba okha, amafotokozera katswiri wolemba yemwe dzina lake nthawi zina silioneka pachikuto. Dustin Diamond wa m'pulogalamu ya pa kanema ya Saved by the Bell anatulutsa buku mu 2009 lodzaza ndi nkhani zochititsa manyazi anzake amene ankasewera nawo, kenako patapita zaka anati zambiri zinapekedwa ndi womulembera. N'chifukwa chake owerenga amafunsa ngati munthuyo analemba yekha, ndipo McCurdy anakhulupiriridwa kwambiri mwa zina chifukwa nkhaniyo anayamba kuisimba yekha pasiteji, m'sewero la munthu mmodzi, isanakhale buku.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kuvuta kwa nkhaniyi ndi cha Sarah Polley wa ku Canada. Asanakwanitse zaka 10 anasewera mufilimu ya Terry Gilliam ya mu 1988, The Adventures of Baron Munchausen, ndipo amakumbukira akuthamanga pakati pa zinthu zophulika, ali ndi mantha akuti afa. Mu 2005 analembera Gilliam za zimenezi, ndipo iye anayankha kuti amakumbukira mosiyana, kuti mwina zina zoopsazo zinachitidwa ndi munthu wina womuimira. Patapita zaka Eric Idle, yemwe anali nawo mufilimuyo, ananena poyera kuti Polley akunena zoona, analidi pangozi. Polley anasimba zonsezi m'buku lake la mu 2022, pamodzi ndi kukayika kwake komwe. Mwana ndi wamkulu akhoza kukhala pamalo amodzi, wamkuluyo akudziwa kuti zophulikazo zinayesedwa kale, mwanayo asakudziwa, ndipo onse awiri n'kusimba moona mtima nkhani zosiyana.

Kusaka mayina

Olemba ambiri amabisa mayina ena, mwina poopa milandu, mwina pofuna kuti nkhani isachoke pa iwo. McCurdy anangomutchula kuti "The Creator" bwana amene akuti ankakalipira ana, anamulimbikitsa kulawa mowa asanafike msinkhu, ndiponso anamusisita mapewa iye asakufuna. Analembanso kuti pochoka ku Nickelodeon anauzidwa kuti apatsidwa madola 300,000 ngati angalonjeze kusalankhula za zimene anakumana nazo, ndipo anakana. Owerenga ambiri ndi atolankhani anati munthuyo ndi Dan Schneider, amene anayambitsa iCarly ndipo anasiyana ndi kampaniyo mu 2018, koma wolembayo sanamutchule.

Mu Marichi 2024 kunatuluka pulogalamu yofufuza yotchedwa Quiet on Set, momwe Drake Bell anaulula kuti ndi iye mwana amene anagwiriridwa ndi Brian Peck, wophunzitsa ana kalankhulidwe ka m'masewero, yemwe anapezeka wolakwa mu 2004 n'kugamulidwa miyezi 16. Schneider anapepesa pa makhalidwe ena amene anawavomera, koma mu Meyi chaka chomwecho anasumira okonza pulogalamuyo, ponena kuti inapangitsa anthu kuganiza kuti iyenso ankagwirira ana, zomwe amazikana. Nkhani ziwirizi, ya munthu amene khoti linamupeza wolakwa ndi ya munthu amene akunenedwa za nkhanza za pantchito, pa intaneti zinasakanikirana ngati imodzi.

Mkwiyo wa owerenga ndi oonera sunathere pa anthu awiriwo. Anthu anayamba kuzinga aliyense amene anagwirapo ntchito kumeneko, kumufunsa chifukwa chake wakhala chete. Josh Peck, yemwe ankasewera ndi Bell ndipo si m'bale wake wa Brian Peck, anatukwanidwa mpaka Bell mwini anapempha anthu kuti amusiye, ponena kuti analankhulana kale paokha. Chimodzimodzi masamba ochepa amene McCurdy anavomera kuti ankachitira nsanje woimba Ariana Grande pamene ankasewera limodzi m'pulogalamu ya Sam & Cat anasanduka mitu ya nkhani, ngati kuti bukulo ndi la mkangano wa atsikana awiri. Oikira kumbuyo khalidwe lofufuzali amati popanda phokoso la anthu makampani akuluakulu sasuntha. Otsutsa amati kukakamiza munthu amene mwina nayenso anazunzidwa kuti alankhule ndi nkhanza ina.

Amene sanavulale

Si mabuku onse amene ali a misozi. Ron Howard ndi mng'ono wake Clint, omwenso anali ana a pa kanema, analemba The Boys mu 2021, ndipo ndi buku lothokoza makolo awo, makamaka bambo awo Rance, amene ankakhala nawo pamalo ojambulira ndi kuonetsetsa kuti kunyumba akhale ana ngati ena onse. Tom Felton wa m'mafilimu a Harry Potter analemba mu 2022 za ubwana umene kwakukulu anasangalala nawo, ngakhale kumapeto anasimba za mowa ndi kugonekedwa kumalo othandizira. Mabuku otere amakondedwa ndi amene anali kale okonda anthuwo, koma sayambitsa mkangano, ndipo ena amawanena kuti ndi ozizira. Apa pali chinthu chofunika kuchiona, chakuti ngati msika umalipira kwambiri nkhani zowawa, chithunzi chimene owerenga ali nacho cha moyo wa ana a pa kanema chikuchokera ku mabuku amene anagulidwa kwambiri, osati kwa ana onse amene anagwirapo ntchitoyi.

Mafunso amene sanayankhidwe

Loyamba ndi lakuti kodi mwana angavomeredi ntchito imene idzamutsatira moyo wonse. Ena mwa olembawa amati ana asamaloledwe n'komwe, ena amati ntchitoyo ilibe vuto ngati pali wamkulu woima pakati amene malipiro ake sadalira kuti kujambula kupitirire. Paul Petersen, yemwenso anakulira pa kanema, anayambitsa bungwe la A Minor Consideration mu 1990 lomenyera ana otere, ndipo patatha zaka zoposa 30 malamulo akadali osiyana chigawo ndi chigawo.

Lina ndi lakuti kodi kulemba bukulo kumamasula munthu kapena kumamubwezera pamalo omwe aja, pomwe moyo wake ndi chinthu chogulitsa. Buku la woimba Britney Spears, yemwe ali mwana ankaoneka m'pulogalamu ya ana ya The Mickey Mouse Club, linagulidwa makope 1.1 miliyoni ku America m'sabata yoyamba mu Okutobala 2023. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno mwini nkhani ndiye wasankha zonena ndipo ndalama zikupita kwa iye, koma ayenerabe kubwereza zowawazo pamaso pa mtolankhani aliyense amene akumufunsa. Sizikudziwikanso kuti achibale otchulidwa m'mabukuwa, amene sanasankhe kutchuka ndipo alibe wowasindikizira buku, angayankhire kuti.

Kenako pali ana a lero, omwe sali ku Hollywood koma m'mavidiyo a makolo awo pa YouTube ndi TikTok, komwe wojambula, bwana ndi kholo ndi munthu mmodzi, ndipo kulibe ola loweruka. Chigawo cha Illinois chinayamba kugwiritsa ntchito lamulo lowasungira gawo la ndalama mu Julayi 2024, California inakulitsa lamulo la Coogan chaka chomwecho, ndipo Utah inatsatira mu 2025. Ku Utah mmodzi mwa amene analankhula kwa opanga malamulo ndi Shari Franke, amene anakulira m'mavidiyo a banja lake a 8 Passengers, ndipo mayi ake anagamulidwa kukakhala kundende mu Febuluwale 2024 chifukwa chozunza ana. Buku la Shari linatuluka mu Januwale 2025. Malamulo atsopanowa amakhudza kwambiri ndalama, ndipo ena amapatsa mwana ufulu wodzapempha kuti mavidiyo ake achotsedwe akakula. Sanayankhe kuti ndani angalowe m'nyumba ya munthu kukawerenga maola amene mwana wajambulidwa, kapena kuti vidiyo imene anthu mamiliyoni anaikopera kale ingachotsedwe bwanji.